Maliro a kutali nawonso ali ndi mayina

Wakabaza akamachokera ku Nsaru kulowera kwa Kabudula, n'kuona masamba aawisi atayalidwa chopingasa msewu, safunsa kuti n'chiyani. Amatsika panjinga, kuvula chipewa, n'kumakankha mwakachetechete mpaka atapyola masamba achiwiri. Mwina m'mudzimo sanamwemo ndi madzi omwe, komabe munthu woyamba kukumana naye amamufunsa motsitsa mawu kuti, “Kodi watisiya ndani?” Umu ndi mmene ife timayambira nkhani ya imfa. Limayamba ndi dzina, kenako mbumba yake, kenako tsiku loika m'manda. Za chomwe chamutenga zimabwera pambuyo, ndipo amazinena ndi akuluakulu oyenera kuzinena, atayamba asinkhasinkha. Koma pali imfa zina zimene uthenga wake umatipeza chadodolido: imfa za anthu ophedwa ndi zigawenga m'mayiko akutali. Uthengawo umafika wopanda dzina ndi limodzi lomwe la womwalira, koma utasenza kale dzina la mtundu kapena la chipembedzo cha wakuphayo. Kamvedwe kotere n'koopsa, ndipo dziko lino linalawa kale kuwawa kwake, kungoti sitikonda kukumbutsana.

Tiyambe ndi tsiku limene dziko lonse limalidziwa. Lachiwiri pa 11 September 2001, ndege yoyamba inawomba imodzi mwa nyumba ziwiri za World Trade Center ku New York nthawi ili 8:46 m'mawa kumeneko. Kuno inali 2:46 masana. September ndi mwezi wa fumbi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ku Mpingu, ku Nambuma ndi ku Namitete nthawi ngati imeneyo imapeza anthu ali kudimba, ena akusosa, ena akukonza nazale za fodya. Wailesi ya kanema ya dziko lino inali isanathe ndi zaka zitatu zomwe, popeza inatsegulidwa mu 1999, ndipo midzi ya magetsi inali yochita kuwerenga ndi zala. Choncho moto ndi utsi umene anthu a ku Ulaya anauonera ukufuka, anthu akumudzi anaumva ndi khutu, madzulo, pakhonde, pa kawailesi ka mabatire oanika padzuwa kuti abwereko mphamvu. Nkhani inali yoti nyumba za nsanjika 110 zagwa. Kwa mlimi amene chimango chachitali kwambiri chimene anachionapo ndi nkhokwe za chimanga za ku Kanengo, nambala imeneyi inangodutsa ngati mphepo. Chimene chinatsala m'makutu ndi mayina awiri achilendo, Osama bin Laden ndi al-Qaeda, ndi liwu limodzi lodziwika bwino lomwe: Asilamu.

Amene anafa tsiku limenelo anali 2,977, osawerengera amuna 19 amene analanda ndege zinayi. Anali ochokera m'mayiko oposa 90. Munali akalaliki, ophika, osesa m'maofesi, alonda, ndi ozimitsa moto 343 amene ankakwera masitepe pamene ena onse ankathawira pansi. Munalinso Asilamu. Kwawoko chaka chilichonse anamfedwa amaima pamalo a ngoziyo n'kuwerenga mayina onse limodzilimodzi, mwambo wotenga maola, ndipo mayinawo analembedwa pa mkuwa mozungulira maiwe awiri amene ali pamene panali maziko a nyumbazo. Munthu wa kwa Kalolo akanauona mwambo umenewo akanauzindikira msanga, chifukwa sukusiyana ndi chiliza, ndiponso sukusiyana ndi mauthenga achisoni amene timatchera khutu pa MBC. Koma mbali imeneyi ya nkhani sinawoloke nyanja. Chimene chinawoloka ndi chithunzi cha ndege ikulowa m'chipupa, chomwe chinadzafika pa kanema wa m'mabala ndi m'mavidiyo sho n'kukhala pamzere umodzi ndi mafilimu a nkhondo ndi a karate. Munthu woonera filimu safunsa kuti wagwayo wasiya ana angati. Amangosankha mbali, uyu ndi ngwazi, uyu ndi mdani, n'kutuluka akukangana ndi mnzake.

Wina akapeza nkhalamba ya ku Nsaru imene sidziwa kuti 11 September n'chiyani, asafulumire kunena kuti ndi umbuli. Aifunse za chaka chomwecho potchula dzina lake lakuno, chaka cha njala, ndipo adzakhala pamphasa mpaka dzuwa kulowa. Miyezi imene dziko lapansi linali kuyang'ana ku New York ndi ku Afghanistan, kumene nkhondo inayamba pa 7 October 2001, nkhokwe za ku Kanengo zija zinali pululu. Chimanga chosungira tsoka, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse, mvula ya chaka chimenecho inali itaononga minda, ndipo mtengo wa chimanga pamsika unakwera kangapo konse pakati pa nthawi yokolola ndi January 2002. A bungwe la Save the Children anachenjeza kumapeto kwa 2001 atayeza ana ku Mchinji, boma loyandikana ndi Namitete, koma boma linazengereza mpaka pa 27 February 2002, pamene a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lagwa m'ngozi ya njala. Pofika apo anthu anali atadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, mbuzi zitapita pamtengo wa nkhuku, ndipo wogwidwa akuthyola chimanga m'munda wa mnzake ankadulidwa chiwalo kapena kuphedwa kumene. Kolera naye anatenga anthu oposa 900 m'nyengo yomweyo. Ofufuza amasiyana pa chiwerengero cha ofa ndi njalayo, ena amati mazana, ena amati masauzande. Ku New York anawerenga munthu aliyense mpaka womaliza. Kuno chiwerengero chenicheni chinakwiririka pamodzi ndi eni ake.

Apa ndi pamene anthu ambiri, anzeru zawo ndithu, amaimira n'kunena kuti basi, aliyense alire maliro a pakhomo pake. Tilirenji anthu a ku America, pamene iwo sadziwa n'komwe kuti mu March 2023 namondwe wa Freddy anatenga anthu oposa 1,000 kumwera kwa dziko lino? Mawu amenewa sindikuwapeputsa. N'zoona kuti misozi ya dziko lapansi sigawidwa mofanana, ndi kuti wakufa ku Chilobwe salemera pa sikelo ya atolankhani akunja ngati wakufa ku Manhattan. N'zoonanso kuti kwathu kuno maliro n'kulirana, moti wojomba maliro a anzake mfumu imamulipiritsa. Koma wakabaza uja amatsika panjinga m'mudzi umene sudzabwera konse pa maliro ake, ndipo palibe amene amati wapusa. Amatero chifukwa imfa ya munthu ndi yolemera payokha. Pamwamba pa zimenezi pali chifukwa china, ndipo n'chimene chandilembetsa nkhani ino. Tsoka la kutali silidikira kuti tiliitane. Limabwera lokha, ndipo likatipeza tisanalimvetse limatigwiritsa ntchito yake ndi manja athu omwe.

Mu June 2003, amuna asanu Achisilamu okhala mu mzinda wa Blantyre anatengedwa usiku ndi akazitape a boma mothandizana ndi a CIA a ku America. Awiri anali a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, mmodzi wa ku Sudan, mmodzi wa ku Kenya. Ena ankayendetsa mabungwe achifundo, wina sukulu, wina malo odyera. Ankawaganizira kuti amadutsitsa ndalama za al-Qaeda. Bwalo lalikulu la milandu, kudzera mwa woweruza Healey Potani, linaletsa kuwatulutsa m'dziko, n'kulamula kuti aonekere kubwalo kapena amasulidwe. Chiletsocho chinapondedwa. Anthuwo anakwezedwa ndege, mabanja awo osadziwa kumene alowera, ndipo patapita pafupifupi mwezi anatulukira ku Sudan ali mfulu, osaimbidwa mlandu uliwonse. Koma pofika apo kuno kunali kutayaka kale. Ku Blantyre anthu okwiya anaphwanya maofesi a bungwe la Muslim Association of Malawi ponena kuti lalephera kuteteza anzawo. Ku Mangochi anagenda ndi kuononga matchalitchi angapo, kuvulaza atsogoleri a mipingo, ndi kuphwanya ofesi ya Save the Children ya ku America, mpaka boma linatumiza asilikali. Zonsezi zinachitika mtsogoleri wa dziko ali Msilamu, m'dziko limene timanyadira kuti ndi la mtendere.

Taonani mmene mlanduwo unayendera, ngati moto umene umapita kumene kwatsala tchire. Amuna 19 anapha anthu ku America, ndipo amene anawatuma anali ku Afghanistan. Koma chibakera chinadzagwera mwini sukulu ndi mwini malo odyera a ku Blantyre chifukwa poswali amayang'ana kumene ankayang'ana iwo aja. Chibakera chobwezera chinagwera wansembe wa ku Mangochi chifukwa amapemphera chipembedzo chimene ambiri a ku America amapemphera. Paliponse pamene motowo unadutsa, wopsa anali munthu wosadziwa kanthu, wolakwa kungofanana dzina. Ndipo pali chinthu chimene sitiyenera kuchizemba apa: nzeru yoti munthu azunzike chifukwa cha gulu limene akuchokera ndi nzeru yomweyo ya zigawenga. Wolanda ndege uja sanafunse kuti mayi wosesa mu nsanjika yapamwamba analakwanji. Kwa iye onse a m'nyumbamo anali dzina limodzi. Tikamva za chiwembu n'kungotolapo dzina la chipembedzo, ndiye kuti tatola nkhwangwa ya chigawengacho n'kulowa nayo m'mudzi.

Anthu a kumadzulo kwa Lilongwe safunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi mabuku. Pa 8 October 2019, m'chipwirikiti cha ndale cha pambuyo pa chisankho, wapolisi Usumani Imedi anagendedwa mpaka kufa pa Msundwe. Inali imfa yankhanza, ndipo amene anaponya miyalayo anayenera kufufuzidwa mmodzimmodzi ndi kuimbidwa mlandu. Chimene chinatsatira n'chakuti apolisi ena analowa m'madera a Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, kuthira utsi wokhetsa misozi, ndi kugwirira amayi ndi atsikana amene sanagwire mwala. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission linafufuza n'kupeza kuti nkhanzazo zinachitikadi, ndipo mu August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti boma lipereke chipukuta misozi kwa amayi ndi atsikana 18. Kwa nthawi ndithu, dzina loti Msundwe linkamveka m'tauni ngati dzina la ndewu, ngati kuti aliyense wochokera kumeneko wanyamula mwala m'thumba. Msilamu wa ku Mangochi kapena wa ku Mombasa akamva pa wailesi kuti kwinakwake kwaphulika bomba, mtima wake umagunda chimodzimodzi, podziwa kuti mawa pamsika maso akhala pa iye. Amene anapsapo ndi moto wotere ndiye ayenera kukhala woyamba kukana kuukolezera mnzake.

Palinso kupotoka kwina m'makumbukiro athu. Timasunga chiwembu chimene chinajambulidwa bwino, n'kutaya chimene chinachitikira pafupi. Pa 7 August 1998 gulu lomwelo la al-Qaeda linaphulitsa mabomba pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Anafa anthu 224, ndipo mwa iwo a ku America anali 12 okha. Otsalawo pafupifupi onse anali anzathu a mu Africa muno: alembi, ophunzira ulembi m'nyumba ya Ufundi imene inagwa yonse, okwera basi, odutsa ndi njira. Ovulala anaposa 4,000, ambiri a iwo magalasi atawalasa kumaso. Dar es Salaam ndi kumene amalonda athu amakapikula katundu ndi kumene mafuta athu ambiri amatsikira, komabe tsikuli silimveka pakamwa pathu ngati la ku New York. Nanga za Palma? Pa 24 March 2021 zigawenga zinalowa m'tauni imeneyi, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique. Kwa masiku angapo nkhani za dziko lapansi zinali pa hotela ya Amarula, kumene kunabisala ogwira ntchito akunja a pa chitukuko cha gasi cha kampani ya Total, ndipo chiwerengero cha ofa chimene chinkatchulidwa chinali cha makumi angapo. Mtolankhani Alex Perry atatuma anthu kukafunsa khomo ndi khomo, anapeza kuti ophedwa ndi osowa anaposa 1,000, asodzi, alimi ndi ana awo. Ntchito imene anagwirayo ndi yomwe amagwira mlembi wa mfumu pamaliro, kulemba mayina m'kope. Ndipo tisaiwale kuti anthu a m'mphepete mwa nyanja kumeneko ambiri ndi Asilamu, moti m'kopemo mwadzaza mayina onga a anansi athu a ku Salima ndi ku Nkhotakota.

Ifenso tili ndi maliro athu m'nkhondo imeneyi. Mu November 2018, asilikali a dziko lino amene anali pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations ku Democratic Republic of Congo analowa m'nkhalango pafupi ndi Beni kukalimbana ndi zigawenga za ADF, zimene kwa zaka zambiri zakhala zikupha anthu wamba ndi mfuti ndi zikwanje. Asanu ndi mmodzi anaphedwa. Mmodzi wa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atagwa ndi chipolopolo pamtetete, n'kupita kukamukokera pobisalika. Chitete ali mkati momuthandiza anawomberedwa iye mwini. Omary anapulumuka. Mu May 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere, ndipo Chitete anali woyamba kuilandira chichokereni mwini dzina. Mnyamata wa ku Malawi anafera mnzake wa dziko lina wotchedwa Ali. Mwana wa sukulu amene wamva za Osama bin Laden koma sanamve za Chancy Chitete tamupatsa mbiri ya wakupha n'kumumana mbiri ya wopulumutsa, ndipo mlandu umenewu ndi wathu akuluakulu.

Ena adzati zonsezi n'zokoma kumva, koma dziko sililondedwa ndi chifundo. Adzati nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba pa 5 October 2017 ku Mocímboa da Praia, kumapeto kwa 2021 inalowa m'boma la Mecula, m'chigawo cha Niassa chimene chinagundana ndi dziko lino. Adzati malire athu ndi tinjira ta njinga topanda chipata, ndipo achinyamata osowa ntchito savuta kukopa. Adzakumbutsanso kuti pa sukulu ya ukachenjede ya Garissa ku Kenya, pa 2 April 2015, zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 148 ndipo zinkachita kusankha Akhristu. Zonsezi n'zoona, ndipo amene angabise kuti magulu amenewa amadzikuta ndi dzina la chipembedzo sakuthandiza aliyense. Atsogoleri a SADC anakumana ku Lilongwe konkuno mu January 2022 kuti aonjezere nthawi ya asilikali amene anatumizidwa ku Mozambique, chifukwa choopsacho n'chenicheni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma kukhala tcheru ndi kukayikira mtundu wonse ndi zinthu zosayendera limodzi. Mlonda amene amaona wakuba mwa aliyense wodutsa amatopa ndi anthu osalakwa, wakuba weniweni n'kulowera kuseri. Ku Mocímboa, amene anayamba kudandaula kwa akuluakulu a boma za kagulu ka anyamata olowa m'mzikiti ndi nsapato ndi oletsa ana kupita kusukulu za boma anali atsogoleri a Chisilamu a komweko, mfuti isanalire. Ngati tsiku lina mlendo adzafika pa tauni ina kuno ndi ndalama ndi chiphunzitso chachilendo, woyamba kumuzindikira adzakhala shehe wa pamzikiti ndi makolo a anyamata amene akuwanyengerera. Anthu amenewa amapita kupolisi pokhapokha akudziwa kuti kumeneko sakawayesa iwowo adani. Malinga ndi kalembera wa 2018, Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo dziko limene lingawasandutse okayikiridwa ladziboola lokha maso.

Ku Kenya komweko, mu December 2015, zigawenga zitaimitsa basi ku Mandera n'kulamula kuti Akhristu apatuke, Asilamu a m'basimo anakana kusiyana nawo, amayi ena mpaka kubwereketsa mipango yawo kwa anzawo Achikhristu. Mphunzitsi Salah Farah anawomberedwa pamenepo n'kumwalira mwezi wotsatira. Wokamba za Garissa osakamba za Mandera wanena theka la choona. Ndipo liwu loti chitetezo likagwera gulu lonse, zimene limachita tinaziona pano pomwe mu May 2023, pamene othawa kwawo, ana omwe, anasonkhanitsidwa mu Lilongwe n'kugonekedwa ku ndende ya Maula asanawapititse kumsasa wa Dzaleka. Ili ndi dziko lomwe lija limene, nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo m'midzi momwemo, akutunga pa chitsime chimodzi ndi eni mudzi.

Sindikunena kuti mwambo wathu wa maliro ulibe banga. Tonse tikudziwa kuti pa siwa pomwepo pamayambira manong'onong'o, ndi kuti imfa yadzidzidzi kawirikawiri imafunafuna nkhalamba yoti isenze mlandu. Mu January 2016 ku Neno, mtsikana atafa ndi mphenzi, anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Koma chitsanzo chimenechi chikuchitira umboni zomwe ndikunenazi. Kumeneko dongosolo linatembenuka: anthu anathamangira kufunsa kuti wapha ndani misozi isanaume, ndipo yankho analitenga mu mkwiyo. Makolo anaika zoti mfumu iyambe yalankhula, adzukulu agwire ntchito yawo, ndipo milandu idikire mpaka atameta, podziwa kuti mtima wa namfedwa ndi nkhuni zouma. Pamene dongosololi latsatidwa, mudzi umatsala wamphumphu. Pamene lasiyidwa, maliro amodzi amabala maliro ena, kaya ndi ku Neno, ku Mangochi kapena pa Msundwe.

Lero zafika povuta kuposa mu 2001. Kawailesi ka pakhonde kankalankhula madzulo n'kuzimitsidwa kuti mabatire asathe, pamene foni ya m'manja sigona. Pa gulu la WhatsApp la mpingo, la kalabu ya fodya kapena la banki m'khonde pamagwa kanema wa anthu akuphedwa mwankhanza, wopanda tsiku, wopanda dzina la malo, pansi pake pali mawu oti tumizani kwa ena. Pasanathe ola wafika m'mafoni a mudzi wonse, ndipo ana akuunjikana pa benchi ya wotchaja mafoni kuti aone nawo. Chonsecho kumaliro kuona nkhope kuli ndi nthawi yake ndi ulemu wake: nsalu imavundukulidwa pang'ono, anthu amadutsa pamzere mitu ili pansi, ana aang'ono amawachotsapo. Munthu wa mu kanemayo naye ali ndi mayi ake, ndipo mwina mayiwo uthenga sunawafike. Zigawenga zimajambula zimenezi dala, chifukwa chimene zikufuna kwenikweni ndi mantha a oonera. Aliyense wotumiza kanemayo wazigwirira ganyu yaulere, ndi bandulo yogula yekha.

Chimene tingataye tikapanda kusamala chimaoneka chaching'ono chifukwa tinachizolowera. Pa ukwati kapena pa maliro a Akhristu, mbuzi isanaphedwe amatuma mwana kukaitana Msilamu kuti adzachinje, n'cholinga choti mlendo aliyense adye momasuka. M'mbumba imodzi mumapezeka wa CCAP, wa Katolika, wa Chisilamu ndi wa gule wamkulu, ndipo zovuta zikagwa onsewa amalandirana khasu pamanda amodzi. Palibe lamulo la boma limene linakhazikitsa zimenezi, ndipo palibe lamulo limene lingazibwezeretse zitasweka. Ku Mangochi mu 2003 zinang'aluka m'masiku owerengeka, chifukwa cha mlandu umene unayambira kutsidya kwa nyanja ya mchere.

Choncho pempho langa likupita kwa amene amanyamula uthenga: atolankhani, mawailesi a m'madera, abusa, mashehe, mafumu ndi aphunzitsi. Chiwembu chikachitika ku Palma, ku Beni kapena ku Nairobi, nenani malo enieni ndi tsiku lake. Tchulani gulu limene lachita ndi dzina lake lenileni, kaya ndi ADF kaya ndi al-Shabaab, ndipo dzinalo musalisinthanitse ndi la chipembedzo kapena la mtundu. Tipatseniko dzina ngakhale limodzi la womwalira, ntchito imene ankagwira, ndi ana amene wasiya, kuti womvera pakhonde adziwe kuti akumva maliro. Mwezi wa November dziko limachita mwambo wokumbukira asilikali pa chipilala cha ku Area 18 mu Lilongwe, koma mlimi wa ku Nambuma kapena wa kwa Kabudula nthawi imeneyo amakhala ali kumunda kudikira mvula yoyamba. Mawailesi athu amutsatire komweko. Pa nthawi ya mauthenga achisoni, atiwerengere m'Chichewa mayina a asilikali asanu ndi mmodzi a ku Beni aja, limodzilimodzi, ndi midzi ya kwawo.